Kodi Kino analakwa ciani? Buku la ngale tikaliwerenga kuno ku gombe

Atsogoleri anzanga a makalasi, mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, amaphunzira sekondale tsidya lija ku Malawi. Pa chuthi anabwera atanyamula kabuku ka Cingerezi kopyapyala, ka mitu 6 yokha. Dzina lake ndi The Pearl, wolemba John Steinbeck. Pa Cipwitikizi kamapezeka ndi dzina lakuti A Pérola, ndipo ife tingangoti Ngale. Kumeneko kabukuka anakaika pakati pa mabuku a mayeso a Fomu 4, n'cifukwa cake mnyamatayo sankakasiya ngakhale popita kukakhala ku gombe. Anali ndi kope lakenso la manotsi, ndipo pa tsamba loyamba analembapo kuti phunziro lalikulu la nkhaniyi n'lakuti dyera limapha, munthu azikhutira ndi zimene ali nazo. Ndinabwereka zonse ziwiri. Cingerezi canga n'ca m'njira, cotero ndinawerenga pang'onopang'ono madzulo anayi, koma nditatseka bukulo ndinapeza kuti kope lija sindikugwirizana nalo. Ndati ndikulembereni cifukwa cake, pakuti mlandu wa Kino ukukhudza nchito imene inu ndi ine timagwira pansi pa mitengo ya mango ndi m'makhonde a machalichi.

Steinbeck anali wa ku America. Anabadwira ku Salinas, m'cigawo ca California, mu 1902, anamwalira mu 1968, ndipo mu 1962 anamupatsa mphotho ya Nobel ya zolembalemba. Mu 1940 iye ndi bwenzi lake Ed Ricketts, katswiri wa zamoyo za m'madzi, anayenda pa boti m'nyanja yamcere ya Gulf of California ku Mexico. Ulendo umenewo ndi umene anamvera nthano ya ku tauni ya La Paz, ya mnyamata wina wa mtundu wa eni dziko amene anapeza ngale yaikulu, nazunzika nayo, mpaka anaiponyanso m'madzi. Nthanoyo anaisunga naiumba mwatsopano. Inatuluka koyamba m'magazini mu 1945, ndipo buku linasindikizidwa mu 1947.

Ngale ambiri a ife tinangoimva m'chalichi, pa fanizo lija la wamalonda la pa Mateyu 13, koma kuiona ndi maso ayi. Imapangika m'kati mwa nkhono ya zigoba ziwiri: kanthu kakang'ono kakalowa m'thupi mwake n'kumaisautsa, nkhonoyo imakakuta ndi zokutira zosalala, caka ndi caka, mpaka kamasanduka kamwala kobulungira konyezimira kamene olemera amavala m'khosi. Kupatula ngaleyo basi, zina zonse za m'bukuli mukuzidziwa. Muli gombe, mabwato okokeredwa pa mcenga, nyumba za mitengo ndi udzu, ndipo capatali pang'ono tauni ya nyumba zamiyala kumene kumakhala dotolo, wansembe ndi ogula. Mukasimbira kalasi lanu nkhaniyi osachula Mexico, wina adzakufunsani ngati zinacitika ku Cóbuè kapena ku Meluluca.

Kino ndi msodzi womira pansi pa nyanja kukatola nkhono za ngale. Ali ndi mkazi wake Juana, kakhanda kawo Coyotito, ndi bwato limene linali la agogo ake, n'kukhala la atate ake, tsono lake. M'mawa wina cinkhanira cinatsika pa cingwe ca kabokosi kolendewera kamene mwana amagonamo, nicimuluma pa phewa. Juana anayamwa ululu pa balapo, kenaka ananena cinthu cimene anansi onse anadabwa naco: kaitaneni dotolo. Atauzidwa kuti dotolo sabwera ku nyumba za udzu, anati tsono tipita ndife. Mudzi wonse unawaperekeza. Dotoloyo anali pa kama, akumwa chokoleti, akulota za ku Paris kumene anakhalako kale. Wanchito wake anafunsa ngati ali ndi colipira, ndipo Kino anatulutsa tingale 8 tosaumbika bwino, topanda mtengo. Yankho linabwera lakuti adotolo acokapo. Anthu anabalalika mwamanyazi, ndipo Kino anamenya citseko ca mpanda ndi nkhonya mpaka zala zinacuca magazi.

Tsiku lomwelo anapalasa bwato. Juana anaika ndere za m'nyanja pa phewa la mwana, koma iye mwini sanaziwerengere ngati mankhwala, popeza zinali zaulere. Kino anamira, natola nkhono yaikulu, naitsegula ndi mpeni, ndipo m'katimo munali ngale yonga dzira la mbalame ya kunyanja. Poceukira mwana anaona kuti cotupa cayamba kuphwa. Mfundo imeneyi muigwire: mwana anali kucira ngale isanagulitsidwe, dotolo asanamukhudze n'komwe.

Mbiri inafika m'tauni Kino asanafike kunyumba. Wansembe anaganiza za malo a chalichi ofunika kukonza, nayamba kudzifunsa ngati mwana wa Kino anamubatiza. Eni masitolo anayang'ana zovala zimene zinakanika kugulika. Dotolo uja anati mwanayo ndi wodwala wake. Ngakhale opemphapempha a pakhomo la chalichi anasekerera, podziwa kuti wosauka akalemera mwadzidzidzi ndiye amapatsa moolowa manja. Aliyense analota maloto ake pa ngale ya mwini wake. Dyera ilo laoneka, inde, koma onani kumene layambira. Si m'nyumba ya udzu ayi.

Tiyeni tsono tikhale pansi ndi zofuna za Kino mwini wake, pakuti mlandu wagona pamenepa. Madzulo, anansi atadzaza nyumba, mkulu wake Juan Tomás anamufunsa kuti popeza walemera acita ciani. Kino anayang'ana m'ngalemo nachula zinthu motsatana. Coyamba, iye ndi Juana adalitse ukwati wawo m'chalichi, pakuti mpaka tsiku limenelo analibe ndalama yolipira. Caciwiri, zovala zatsopano ndi nsapato. Cacitatu, mkondo wacitsulo wolasira nsomba, wolowa m'malo mwa umene unatayika caka capita. Cacinayi, mfuti. Ndipo cotsiriza, cimene cinacititsa nyumba yonse kuti zii: Coyotito apite kusukulu, adziwe kuwerenga, kulemba ndi masamu, kuti kudzera mwa mwanayo iwonso adziwe zimene zili m'mabuku.

Nanga pamenepa dyera ndi liti? Ukwati? Nsapato? Ndani mwa ophunzira anu amene sanabwere ku kalasi ndi zofuna zonga zomwezi? Mfuti yokha ndiyo ingatikayikitse, ndipo Steinbeck naye akuonetsa kuti pa mfutipo ndi pamene Kino anadumpha malire a zimene munthu wa mtundu wake ankaloledwa kulota. Koma ngakhale pamenepo wolembayo sakumudzudzula. Akuti kusakhutira kumene anthu amakunyoza ndiko kumasiyanitsa munthu ndi nyama.

Pali umboni wina umene m'kope la mphwanga munalibe. Nthano ija ya ku La Paz, Steinbeck anailemba kale mwacidule m'buku la ulendo wawo, Sea of Cortez, la mu 1941. Mnyamata wa m'nthanoyo analibe mkazi kapena mwana. Iye ankafuna kuleka nchito, kuledzera mmene angafunire, kusankha mtsikana aliyense, ndi kulipiriratu misa zoti zidzamupulumutse akadzafa. Wolemba wofuna kutiphunzitsa kuipa kwa dyera akadamusiya mnyamatayo momwemo, pakuti anali woyenera kale nchito imeneyo. Koma Steinbeck anacotsa mowa ndi atsikana, naikapo banja ndi sukulu. Munthu sasintha zotere mwangozi.

Ndinawerenganso kaciwiri ndili ndi pensulo, ndipo ndinapeza kuti Kino anagonja katatu, ndipo katatu konseko anagonja pa cinthu cimodzi.

Koyamba n'kwa wansembe. Atafika m'nyumba ya udzu anauza Kino kuti dzina lakelo n'la munthu wamkulu wa Mpingo amene anagwira nchito m'cipululu, ndipo anati zimenezi zinalembedwa m'mabuku. Zinali zoona: Eusebio Kino anali wansembe wa gulu la Ajezuiti amene anatumikira kumpoto kwa Mexico, namwalira mu 1711. Koma Kino wathu analibe njira yodziwira ngati n'zoona kapena ayi. Ngakhale mbiri ya dzina lake lomwe inali m'manja mwa wina. Anangoyang'ana mwana wake, n'kuganiza kuti tsiku lina uyu adzadziwa zimene zili m'mabuku ndi zimene mulibe.

Kaciwiri n'kwa dotolo, ndipo apa mtima umawawa. Anabwera usiku, mwana atatsala pang'ono kucira, nati ululu wa cinkhanira umanyenga: umaoneka ngati watha pamene walowa m'kati. Anatsegula cikope ca mwana naonetsa Kino kuti cabiriwira. Kino anaona kuti n'cobiriwiradi, koma sanadziwe ngati cimakhala coteroco masiku onse. Mumtima ankadziwa kuti munthuyu ndi wabodza. Koma mwana ndi wako, ndipo winayo ndiye wawerenga mabuku: ungayerekeze kukana? Anamulola. Dotolo anamwetsa mwana ufa woyera wa m'kapisozi, nati abweranso pakapita ola limodzi. Ola lisanathe mwana anayamba kusanza ndi kuphiriphitha. Dotolo anabwera, namupatsa madontho m'madzi, nati wamupulumutsa. Steinbeck sananene poyera kuti ufawo ndiwo unadwalitsa mwana, koma wowerenga aliyense amaona. Pofunsa za malipiro, dotoloyo anayang'anitsitsa maso a Kino kuti aone kumene ati aceukire, nadziwa pamene ngale yakwiriridwa. Usiku womwewo wakuba analowa m'nyumba.

Kacitatu n'kwa ogula. M'tauni munali timaofesi tingapo ta ogula ngale, ndipo asodzi ankayesa kuti amapikisana. Coonadi cinali cakuti onsewo anali anchito a munthu mmodzi, okhala m'zipinda zosiyana kuti aoneke ngati ambiri. Wogula woyamba anali ndi cizolowezi coseweretsa kandalama pa zala pansi pa tebulo, ndipo ataona ngale ya Kino kandalamako kanamupulumuka. Ife owerenga tadziwa pamenepo mtengo wake weniweni, koma nkhope ya munthuyo sinasinthe. Anati ngaleyo yakula mopitirira, palibe angaigule, apereka mapeso 1,000. Kino anati ndi ya 50,000. Anaitana ogula anzake atatu kuti akhale mboni. Wina anakana n'kupereka mtengo komwe. Wina anati njofewa, sikhalitsa, napatsa Kino galasi lokuza zinthu kuti adzionere yekha. Kino, amene sanayang'anepo ngale pa galasi lotere, anadzidzimuka poona khungu lake lacilendo. Wacitatu anati 500. Kino atalanda ngale yake, woyamba uja anakweza kufika 1,500. Kino anakana nati apita nayo ku likulu la dziko.

Ndinene cilungamo: 50,000 ija nayenso Kino anangoiponya. Sanadziwe mtengo. Cimene ankadziwa n'cakuti akuberedwa, koma kuti akuberedwa zingati sakanatha kunena. Ndipo musamuyese mbuli. Munthuyu amatha kukhala pansi pa madzi mphindi ziwiri, amadziwa mphepo, amadziwa kufafaniza mapazi ake m'njira. Steinbeck akuti m'mutu mwa Kino munkamveka nyimbo, ina ya banja, ina ya coipa, ndipo ya coipayo inkalira nthawi zonse wonyenga akayandikira. Khutu lake silinalakwe ngakhale kamodzi. Cimene analibe ndi umboni woti angauike pa tebulo. Ophunzira athu ambiri ali otere. Mayi amene wagulitsa usipa zaka 30 safuna inu kuti mumuuze kuti ndowa ya wogula njaikulu kuposa yake. Akufuna njira yoti anene kuti yaposa ndi zingati.

Wogula mmodzi wa manja ambiri sitikumumva koyamba kuno. Kuyambira 1938 mpaka 1961 boma la Apwitikizi linkakakamiza anthu kulima thonje, dera lililonse kampani imodzi yokha yogula, mtengo woikidwa kale, sikelo ndi buku zili m'manja mwa wogulayo. Akuluakulu a kumadera a Cuamba akhoza kukusimbirani. Ku Lupilichi, kumpoto kwa boma lathu lino la Lago kufupi ndi malire a Tanzania, anyamata akhala akukumba golide kwa zaka zambiri, ndipo funso la Kino ndi lawo lomwe: kasikelo n'ka yani, nanga galamu imodzi ikafika kutali imagula zingati? Mu 2009 miyala yofiira ya rubi inapezeka ku Namanhumbir, m'boma la Montepuez ku Cabo Delgado. Mu 2014 kampani ya Gemfields inagulitsa miyala ya kumeneko ku Singapore, ndipo malonda oyamba okhawo anabweretsa madola 33.5 miliyoni. Mwa anyamata amene anathamangira kumeneko ndi makasu m'zaka zoyamba zija, ndi angati ankadziwa kuti mwala wa m'dzanja lawo uli ndi mtengo wotani ku Singapore? Likulu limene Kino ankafuna kufikako lilipo ndithu, kungoti lili kutali.

Tsono mawu aja akuti munthu azikhutira ndi zimene ali nazo, m'bukuli alimo. Funso n'lakuti akucokera pakamwa pa yani. Popita kwa ogula, Juan Tomás anakumbutsa mng'ono wake za makolo awo. Iwo anazindikira kale kuti akuberedwa, cotero anasonkhanitsa ngale zawo natuma munthu mmodzi kukagulitsa ku likulu. Munthuyo sanabwerenso. Anatuma wina, nayenso anazimirira. Basi anagwa ulesi nabwerera kwa ogula akale. Kino anayankha kuti nkhaniyo amaidziwa, pakuti wansembe amailalikira caka ndi caka: kutayika kwa ngalezo cinali cilango, cifukwa munthu aliyense anaikidwa pa malo ake ngati msilikali pa ulonda, ndipo sayenera kucokapo. Abale awiriwa polankhula izi anatsinzina maso pang'ono, monga ankacitira makolo awo kwa zaka pafupifupi 400 pamaso pa alendo amene anabwera ndi ulamuliro ndi wonga.

Mwaona? Phunziro la m'kope la mphwanga ndi ulaliki womwewu, ndipo wopindula nawo ndi mwini timaofesi tija. Sindikunena izi monyoza guwa. Wansembe wa m'bukuli si munthu wankhanza, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja ino tikudziwa kuti ambiri a makolo athu anaphunzira zilembo m'masukulu a mishoni, ku Likoma ndi ku Messumba. Koma ndiye cifukwa cake tiyenera kusamala. Munthu amene wasiya khasu kapena ukonde masana kuti adzakhale pa benchi la kalasi wacoka kale pa malo amene anaikidwa. Ngati timusimbira nkhani ya Kino n'kumaliza ndi mawu akuti khutirani, tamuuza kuti abwerere kunyumba.

Za makolo a Kino ndionjezepo pang'ono. Nzeru yawo yogulitsa pamodzi inali yabwino, paja mutu umodzi susenza denga. Inafera pakuti cuma ca mudzi wonse anacipereka m'dzanja limodzi, popanda pepala, popanda mnzake wa paulendo, popanda wina wodziwa njira ya ku likulu. Magulu a asodzi ndi a amayi osunga ndalama amene ali m'midzi yathu amagwa pa mwala womwewu, pamene buku la msungicuma angaliwerenge ndi msungicuma yekha.

Anansi a Kino anagawikana usiku umenewo. Ena anati mapeso 1,500 n'cuma cambiri kwa munthu amene dzulo analibe kanthu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ena anati walimba mtima ndipo onse adzapindula. Steinbeck sakutiuza amene analondola, ndipo inenso ndikadakhala pamenepo sindikudziwa mbali imene ndikadaima.

Pali pamene kope lija likukhudza coonadi, ndipo sindifuna kupabisa. Juana anaona msanga kuti ngale yadzetsa adani, ndipo kawiri konse anapempha kuti aitaye. Kino anakana, nati iye ndi mwamuna. Usiku wina Juana anaitenga mwakacetecete nathamangira kunyanja. Kino anamupeza dzanja lili m'mwamba, namumenya kumaso, namuponda m'nthiti ali gone pa miyala. Cinthu cimene ankacifunira banja camumenyetsa banja lomwelo. Pambuyo pake anauza mkulu wake kuti ngaleyo yasanduka moyo wake. Koma ine matenda amenewa sindiwacha dyera, pakuti Kino sanafune ngale yaciwiri. Ndi liuma la munthu amene ananyozedwa pa citseko anthu akuona, ndipo ngale yasanduka yankho lake kwa citsekoco. Pa zofuna zonse zija sanafunse Juana ngakhale cimodzi. Ici n'ciani n'kulinga muli awiri, koma Kino anakhala yekha ali ndi mkazi wanzeru pambali pake. M'makalasi athu ambiri ndi amayi. Mutu wacisanuwu musaudumphe, ndipo mukauwerenga musafulumire kulankhula inu.

Apa ndili ndi mlandu ndi Steinbeck mwini wake. Akulemba kuti Juana sanakwiye, cifukwa kwa iye mwamuna ndi wamisala mbali ina, mbali ina ngati mulungu. Zimenezo n'zoganiza za mlendo wacimuna, osati za mayi amene wapondedwa m'nthiti. Ndiponso kawirikawiri amafanizira Kino ndi nyama, pena njoka, pena buluzi, mpaka nthawi zina umadabwa ngati wolembayo sakuyang'ana ndi diso lomwe lija la dotolo. Bukuli ndi labwino, koma analilemba ndi munthu wodutsa pa boti.

Zotsala zimathamanga. Usiku womwewo anthu anamugwira Kino mumdima, iye napha mmodzi ndi mpeni. Anapeza bwato la agogo ake litabooledwa, nyumba ikuyaka. Anabisala tsiku limodzi kwa Juan Tomás, nathawira kumpoto, akutsatidwa ndi anthu atatu: awiri olondola mapazi, mmodzi wa pa kavalo ali ndi mfuti. M'mapiri Juana ndi mwana anabisala m'phanga, Kino nakwawira adaniwo usiku. Mwana analira. Wamfuti anayesa kulira kwa mwana wa nkhandwe ya kumeneko, imene amaicha coyote, ndiye tanthauzo la dzina la Coyotito lomwelo. Anawombera kuphangako. Kino anapha onse atatu, koma cipolopolo cinali citapeza kale mutu wa mwana.

Ife tili ndi nthano yathu ya cuma, ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene John Gwengwe anaiika m'buku. Mbale apha mbale wake cifukwa ca cuma, koma mbalame iyimba mpaka mlandu uululika. Imeneyo ndiyo nthano ya dyera: wadyera amadziwika ndipo salephera kulandira zake. Ndikuganiza kuti olemba manotsi aja anawerenga Ngale ndi khutu la nthano zotere. Koma m'bukuli mbalame mulibe. Werengani amene alangidwa. Dotolo sanataye kanthu. Ogula m'mawa mwake anatsegula timaofesi tawo. Amene anaboola bwato ndi kutentha nyumba sitiuzidwa n'komwe maina awo. Wafa ndi mwana amene ankayenera kudzawerenga. Ngati nkhaniyi ikulanga dyera, bwanji adyera onse agona tulo tabwino?

Steinbeck pa mawu ake oyamba anavomera kuti nkhani yosimbidwa kawirikawiri aliyense amatengamo tanthauzo lake, cotero mphwanga akalemba za dyera pa mayeso sindimuletsa. Koma inu simukukonzekera mayeso.

Ndisakusiyeni ndi citonthozo conyenga, ngati kuti zilembo zikadamupulumutsa Kino. Dotolo ankadziwa kuwerenga. Ogula ankadziwa masamu bwino lomwe. Coyotito akadakula n'kuphunzira, akadatha kukhala wowerengera anthu a kwawo, akadathanso kukhala pa tebulo lija akuseweretsa kandalama. Ngakhale wanchito amene anatseka citseko ca dotolo anali wa mtundu wa Kino. Pamene tinalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse m'dziko lino sankadziwa kuwerenga, ndipo kuyambira kampeni ya mu 1978 ambiri aphunzira. Koma wobera pa sikelo nayenso anaphunzira nawo. Cimene Kino ankafuna sicinali zilembo cabe. Ankafuna munthu wa m'nyumba mwake wodziwa kuyesa mawu a odziwa. Ici cikutiuza zoti tiike patsogolo m'kalasi. Ine ndinkathera miyezi pa a, e, i, o, u, masamu n'kuwasiya kumapeto ngati ndiwo zotsala. Tsopano ndimabwera ndi sikelo, ndowa ziwiri zosiyana, pepala la mankhwala la kucipatala, ndi foni yokhala ndi uthenga wa M-Pesa, kuti mayi aone yekha ngati ziro ali atatu kapena awiri. Wina aimbe foni ku Lichinga afunse mtengo wa usipa tsiku limenelo, tilembe pa bolodi, ticotsere ya galimoto, tione cotsala.

Mukafuna kusimba nkhaniyi, masiku atatu kapena anayi akwana. Ine ndinaima pa tebulo la ogula, pa 1,500 paja, n'kufunsa kalasi kuti agulitse kapena asagulitse. Tinacedwa kuweruka tsiku limenelo, ndipo amayi ndi abambo sanagwirizane.

Mathero ake ndi awa. Dzuwa likupendeka, anthu a La Paz anaona awiriwo akubwera, osati wina patsogolo wina pambuyo monga mwa masiku onse, koma moyandikana. Juana ananyamula kamtolo m'nsalu yake yamagazi. Anadutsa m'tauni osayang'ana munthu, napitirira pa phulusa la nyumba yawo, napitirira bwato lobooka, mpaka m'mphepete mwa madzi. Kino anapereka ngale kwa Juana kuti aponye. Juana anakana, nati aponye yekha. Anaiponya ndi mphamvu zake zonse, ndipo inakakhala pansi pakati pa ndere, nkhanu n'kuikwirira ndi mcenga. Pobwerapo Kino anali atanyamula mfuti ya munthu wa pa kavalo uja. Pa zinthu zisanu zimene anachula madzulo aja anansi atadzaza nyumba, cimene anabwera naco n'cimeneco.